Tifunseni za Chuma: Malipiro Ochepetsetsa Akakwera, Kodi Achinyamata Ndiwo Amayamba Kuchotsedwa Ntchito?

Mwezi uno talandira makalata atatu ochokera m'boma la Kasungu, ndipo onse akukhudza nkhani imodzi, ya malipiro ochepetsetsa amene boma limakhazikitsa ndi mmene amakhudzira anyamata ndi atsikana a zaka zapakati pa 14 ndi 19 amene akugwira ntchito. Tawafupikitsa pang'ono chifukwa cha malo, ndipo mayina a olemba sitinawatchule monga mwa mwambo wa tsamba lino.

FUNSO: Akonzi, ndili ndi chigayo ndi golosale pa Santhe. Ndinalemba anthu atatu: bambo wina woyendetsa chigayo amene ndakhala naye kuyambira kale, mayi wogulitsa mu golosale, ndi mnyamata wa zaka 17, mwana wamasiye wa kwathu, amene amayeza chimanga cha makasitomala, kusesa gaga ndi kuthandiza kutsitsa katundu. Boma likalengeza malipiro atsopano, anzanga a bizinesi amati oyamba kuchoka ndi ana ngati ameneyu, ndipo inenso ndikawerengera ndalama zanga ndimaona ngati akunena zoona. Koma pa wailesi atsogoleri a mabungwe a anthu apantchito amati kukweza malipiro sikuchotsa munthu ntchito. Kodi akunena zoona ndani? Mwini chigayo, Santhe.

YANKHO: Bambo, funso lanuli akatswiri a zachuma akhala akukangana nalo kwa zaka zoposa 40, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wake. Tiyambe ndi ziwerengero zathu zomwe, chifukwa ndi zimene zikukusowetsani tulo.

Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limapatsa nduna ya zantchito mphamvu yokhazikitsa malipiro ochepetsetsa itakambirana ndi mabungwe a olemba ntchito ndi a olembedwa ntchito, amene kwathu kuno akuluakulu ake ndi ECAM ndi MCTU. Mu Januwale 2020 malipirowa anali K35,000 pa mwezi, mu Januwale 2021 anafika pa K50,000, ndipo anakhala pomwepo zaka zitatu zathunthu. Mu Febuluwale 2024 anadumphira pa K90,000, kenako mu Juni 2025 anafika pa K126,000, zomwe tikagawa ndi masiku 26 ogwira ntchito zimakwana pafupifupi K4,846 pa tsiku. Antchito a m'nyumba ndi oyendetsa mathiraki ali ndi milingo yawoyawo, choncho ndi bwino mukafunse ku ofesi ya zantchito pa boma kuti chigayo ngati chanu chili m'gulu liti. Ngati titenga mlingo wa anthu onse, kukwera kwa 2025 kokha kunawonjezera K36,000 pa munthu mmodzi, ndiye kuti K108,000 pa mwezi kwa anthu anu atatu. Imeneyi si ndalama yochepa pa chigayo chimene chimaima magetsi akazima ndipo chimasowa makasitomala m'miyezi ya njala, pamene anthu ambiri sakhala ndi chimanga chokagayitsa.

Maganizo a anzanu a bizinesi ndi amene anali m'mabuku a zachuma kwa nthawi yaitali. Wolemba ntchito amasunga munthu ngati phindu limene munthuyo amabweretsa likuposa malipiro ake. Lamulo likakweza malipiro kuposa phindulo, bwana amachepetsa anthu, ndipo amayambira kwa amene alibe luso ndiponso sanakhalitse pa ntchito, amene kawirikawiri amakhala achinyamata. Mu 1982 akatswiri atatu a ku America, Charles Brown, Curtis Gilroy ndi Andrew Kohen, anasonkhanitsa kafukufuku amene analipo panthawiyo n'kupeza kuti malipiro ochepetsetsa akakwera ndi 10 peresenti, ntchito za achinyamata zimachepa ndi pakati pa 1 ndi 3 peresenti. Onani kuti ngakhale chiwerengero chimenechi, chimene otsutsa kukweza malipiro amachikonda, sichikunena kuti achinyamata onse amabwerera kunyumba. Chikunena kuti mwa 100 alionse, mmodzi mpaka atatu amataya ntchito, pamene ambiri mwa otsalawo amalandira zambiri.

Zinthu zinasintha mu 1992, pamene dera la New Jersey ku America linakweza malipiro kuchoka pa madola 4.25 kufika pa madola 5.05 pa ola, koma dera loyandikana nalo la Pennsylvania silinakweze. David Card ndi Alan Krueger anafunsa mafunso m'malo odyera 410, monga a KFC ndi Burger King, mbali zonse ziwiri za malire, malipiro asanakwere ndiponso atakwera. Anasankha malo odyerawa chifukwa ndi amene amalemba achinyamata ambiri pa malipiro otsika. Zimene anapeza, zomwe zinasindikizidwa mu 1994, n'zakuti ntchito ku New Jersey sizinachepe poyerekeza ndi ku Pennsylvania. Anthu ena awiri, David Neumark ndi William Wascher, anaunikanso nkhani yomweyo pogwiritsa ntchito mabuku a malipiro a malo odyerawo, ndipo iwo anapeza kuti ntchito zinachepa ndithu. Mkanganowu sunathe mpaka lero, ngakhale kuti Card analandira mphoto ya Nobel mu 2021 chifukwa cha kafukufuku wa mtundu umenewu. Mu 2019 gulu lina la akatswiri, limene munali Arindrajit Dube, linaunika nthawi 138 zimene madera a ku America anakweza malipiro pakati pa 1979 ndi 2016, ndipo linapeza kuti chiwerengero cha ntchito za malipiro otsika sichinasinthe kwenikweni.

Mwina mukudabwa kuti zingatheke bwanji mtengo wa chinthu kukwera koma ogula osachepetsa kugula. Zifukwa zake ndi zomveka ndipo inu mukuzidziwa bwino kuposa ife. Choyamba, bwana ali ndi njira zina kupatula kuchotsa munthu: amakweza pang'ono mtengo wogayitsira ndowa imodzi, amachepetsa phindu lake, kapena amachepetsa maola. Mumzinda wa Seattle ku America, malipiro atafika madola 13 pa ola mu 2016, akatswiri a yunivesite ya Washington anapeza kuti maola a ogwira ntchito za malipiro otsika ndiwo anachepa. Chachiwiri, munthu wolipidwa bwino sathawa ntchito msanga, ndipo bwana amapulumutsa ndalama ndi nthawi yophunzitsa watsopano. Chachitatu, chimene tikuona kuti n'chofunika kwambiri ku Kasungu, n'chakuti malo amene olemba ntchito ndi ochepa ndipo ofuna ntchito ndi ambiri, bwana amatha kulipira ndalama yochepa kwambiri kuposa phindu limene wantchito amabweretsa, chifukwa wantchitoyo alibe kwina kopita. Esiteti imodzi yozunguliridwa ndi midzi khumi imadziikira yokha mtengo wa ganyu. Pamalo otero lamulo likakweza malipiro, ndalama imachoka pa phindu la bwana kupita kwa wantchito, ndipo ntchito imakhalapobe chifukwa ikupindulitsabe. Vuto limayamba pamene lamulo ladumpha kupitirira phindu lenilenilo, ndipo pamenepo anzanu a bizinesi amakhala akunena zoona.

Ndiye funso lenileni ndi lakuti akwera ndi zingati, mofulumira bwanji, ndiponso poyerekeza ndi chiyani. Apa pali mfundo imene imaiwalika pa wailesi. Pa zaka zitatu zimene malipiro anaima pa K50,000, kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya chimanga, sopo, mafuta ophikira ndi feteleza inakwera kwambiri. Kukwera kwa 80 peresenti kwa mu 2024 kunaoneka koopsa papepala, koma kwakukulu kunali kuthamangira mitengo imene inali itapita kale patsogolo. Inunso, Bambo, mtengo wogayitsira sunaime pamene unali mu 2021, ndipo shuga ndi mchere wa mu golosale yanu munazikweza kangapo. Tikayeza malipiro a mnyamata wanu ndi matumba a chimanga amene angagule, tingapeze kuti sakukudyerani zambiri kuposa kale monga mmene ziwerengero zikuonetsera. Chimene chimapweteka bizinesi yaing'ono ndi kachitidwe koimitsa malipiro zaka zingapo kenako n'kuwadumphitsa tsiku limodzi, chifukwa bwana sapeza mpata wokonzekera, ndipo m'mwezi woyamba womwewo amayang'ana amene angamuchotse mosavuta. Ife tikuona kuti kuunika malipiro chaka ndi chaka, pa tsiku lodziwika ndiponso motsatira kukwera kwa mitengo, kungateteze ntchito za achinyamata kuposa kukana kukweza kumene.

Pa za mnyamata wanu, tikupemphani muwerengere bwino musanamuchotse. Akachoka, woyeza chimanga adzakhala ndani? Ngati bambo woyendetsa chigayo azisiya makina kukayeza ndowa za amayi amene ali pamzere, mzerewo uzichedwa ndipo ena azipita ku chigayo china. Ngati ntchito ya mnyamatayu ndi ya m'mawa mokha, kapena imachuluka masiku a msika ndi nyengo yokolola, mungagwirizane naye masiku kapena maola ochepa pa mlingo wa lamulo, m'malo momusunga tsiku lonse pa ndalama yosakwana. Kumulipira zochepera mlingo chifukwa ndi mwana, kapena chifukwa mumamupatsa nsima ya masana, ndi mlandu pa lamulo. Komanso popeza sanakwane zaka 18, musamulole kuyandikira malamba a chigayo, kukhala mufumbi la ufa tsiku lonse, kapena kusenza matumba a makilogalamu 50 kuchokera pa lole, chifukwa lamulo limaletsa ntchito zoika moyo wa mwana pachiswe.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 16 anasiya sukulu ali Fomu 1 chifukwa cha kusowa kwa ndalama, ndipo analembedwa pa esiteti ina kufupi ndi kwathu, kumene amalandira pa mwezi. Malipiro atakwera, kapitawo anawauza kuti a pamwezi achepetsedwa, ndipo anyamata onse ang'onoang'ono anawachotsa popanda chidziwitso. Tsopano amamuitana pa ganyu, amamupimira ndime yopalira, ndipo nthawi ya fodya amakathyola ndi kusoka. Zimene amabwera nazo kunyumba n'zochepa kuposa kale. Kodi zimenezi n'zololedwa? Nanga kukweza malipiroko kwatithandiza chiyani ife? Mayi wodandaula, Chamama.

YANKHO: Mayi, kalata yanu yatikhudza, ndipo sitikubisirani kuti zimene zamuchitikira mwana wanu ndi chimodzi mwa zotsatira zenizeni za kukweza malipiro pamene palibe oyendera malo a ntchito okwanira. Ntchitoyo sinathe, chifukwa munda ukufunikabe kupalira ndipo fodya akufunikabe kusoka. Yangosamuka kuchoka m'buku la malipiro kupita ku ganyu, kumene palibe amene amawerengera tsiku, tchuthi kapena chipukuta misozi munthu akavulala.

Zotere zinaonekanso ku South Africa. Dzikolo litakhazikitsa malipiro ochepetsetsa a antchito a m'mafamu mu 2003, Haroon Bhorat wa ku yunivesite ya Cape Town ndi anzake anapeza kuti malipiro a otsala pa ntchito anakwera, koma chiwerengero cha antchito a m'mafamu chinatsika, pamene m'magulu ena monga a m'masitolo ndi a m'nyumba sichinatsike motero. Chifukwa chake n'chakuti mlimi sadziikira yekha mtengo wa mbewu zake. Mwini golosale angakweze mtengo wa sopo, koma mwini esiteti akafika ndi mabelo ake ku okushoni ya Chinkhoma amalandira mtengo umene ogula apereka, ndipo soya ndi mtedza nazonso zimatsata msika. Posowa kokankhira ndalama yowonjezerayo, amaikankhira kwa antchito, ndipo amayambira kwa ofooka pa onse. Kunena zimenezi sikuikira kumbuyo bwanayo, koma kukusonyezani chifukwa chake ulimi ndiwo umavulala kwambiri pa nkhani imeneyi.

Tsopano za lamulo. Mwana wosakwana zaka 14 saloledwa kulembedwa ntchito, ndipo wa zaka 14 mpaka 18 angagwire ntchito yokhayo imene siwononga thanzi lake, chitetezo chake kapena maphunziro ake. Mgwirizano wogwira ntchito imodzi yodziwika, monga kupalira ndime, ndi wololedwa pawokha. Koma munthu wolandira pa mwezi sachotsedwa ndi mawu a kapitawo okha. Ayenera kupatsidwa chidziwitso cha mwezi umodzi kapena malipiro a mweziwo, payenera kukhala chifukwa chomveka, ndipo ngati anakwanitsa chaka pa ntchito ndipo wachotsedwa chifukwa chochepetsa anthu, ali ndi ndalama ina yotsanzikira imene lamulo limatchula. Zaka zake sizimuchotsera ufulu umenewu. Pitani naye ku ofesi ya zantchito pa boma la Kasungu msanga, chifukwa dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo liyenera kufika kumeneko isanathe miyezi itatu, ndipo likakanika kumeneko limapita ku khoti loona milandu ya zantchito. Tengani chilichonse chosonyeza kuti ankagwira ntchito: kapepala ka malipiro, uthenga wa pa foni wolandirira ndalama, ngakhale mnzake amene angachitire umboni. Ngati makolo a anyamata ena amene anachotsedwa limodzi naye angapite nanu, mawu anu adzamveka kwambiri.

Koma chimene chatidetsa nkhawa koposa m'kalata yanu ndi fodyayo. Mwana akamathyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula, chikonga chimalowa m'thupi kudzera pakhungu, ndipo amayamba chizungulire, mutu, nseru ndi kusanza, zimene makolo ambiri amaziyesa malungo. Amene anaonapo mwana akutuluka m'munda wa fodya m'mawa, malaya atanyowa ndiponso manja atada ndi utomoni womata, kenako n'kukhala m'chigafa mpaka madzulo akusoka masamba, amadziwa kuti imeneyi si ntchito ya munthu wa zaka 16. Dziko lathu linavomereza mapangano a ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, oletsa kugwiritsa ana ntchito zoopsa mu 1999. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 anapeza kuti ana 38 mwa 100 alionse a zaka 5 mpaka 17 amagwira ntchito zosayenera msinkhu wawo, ambiri a iwo m'minda. Mu Novembala 2019 boma la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana ndi yokakamiza anthu ntchito, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Choncho mwini esiteti amene akuika ana m'chigafa akuika pachiswe msika wa alimi onse a fodya m'boma lanu, ndipo makampani ogula fodya pa mgwirizano amaletsa zimenezi m'mapangano awo ndi alimi.

Mwafunsa kuti kukweza malipiro kwakuthandizani chiyani. Kwa banja lanu, pakadali pano, sikunathandize, ndipo tingakhale osaona mtima titanena zina. Kumathandiza banja pamene bambo kapena mayi ndiye ali pa ntchito yolembedwa, chifukwa ndalama ya kholo ikakwera, mwana amatha kukhala m'kalasi m'malo mopita ku ganyu. Ndi chifukwa chake tikukulangizani kuti pamene mukutsata ndalama zake, mulankhulenso ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene anasiya ndiponso ofesi yosamalira anthu pa boma za thandizo la ana osowa. Tikudziwa kuti akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ndalama ya ganyu ya lero imaoneka yeniyeni kuposa satifiketi ya zaka zitatu zikubwerazi. Komabe mnyamata wa Fomu 1 adzakhala woyamba kuchotsedwa nthawi iliyonse malipiro akakwera, pa zaka 16 ngakhalenso pa zaka 30.

FUNSO: Ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera. Ophunzira anga ambiri akalemba mayeso a Fomu 4 amangokhala, kapena amayamba kabaza. Ndinamva kuti maiko ena ali ndi malipiro otsika a achinyamata okha pofuna kuti mabwana aziwalemba. Kodi si bwino kuti nafenso titero? Mphunzitsi, Nkhamenya.

YANKHO: Aphunzitsi, munamva zoona. Ku Britain, kumene malipiro ochepetsetsa anayamba mu 1999, milingo imasiyana ndi zaka: kuyambira Epulo 2025 wa zaka 21 kupita m'mwamba ankayenera kulandira mapaundi 12.21 pa ola, wa zaka 18 mpaka 20 mapaundi 10, ndipo wosakwana 18 mapaundi 7.55. Germany itayamba malipiro ochepetsetsa mu 2015 inasiya kunja kwa lamuloli ana osakwana zaka 18 amene sanamalize maphunziro a ntchito zamanja, pofuna kuti ndalama isawakope kusiya maphunzirowo. Ku America lamulo la dziko lonse limalola kulipira wosakwana zaka 20 madola 4.25 pa ola m'masiku 90 oyamba, pamene mlingo wa onse wakhala pa madola 7.25 kuyambira 2009. Milingo imene boma lathu limalengeza imasiyanitsa mitundu ya ntchito, osati zaka za munthu.

Umboni wamphamvu kwambiri wa maganizo anu ukuchokera ku Denmark. Kumeneko malipiro amene mabungwe amagwirizana amadumpha ndi pafupifupi 40 peresenti munthu akangokwanitsa zaka 18, ndipo akatswiri atatsata achinyamata mwezi ndi mwezi anapeza kuti akafika pa msinkhu umenewo, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amene anali pa ntchito amaitaya. Zikusonyeza poyera kuti mabwana amawerengera mtengo wa wachinyamata ndipo malipiro otsika amatsegula makomo. Koma umboni womwewo uli ndi mbali yachiwiri imene tikufuna muione bwino. Ntchito zimene a zaka 18 anataya mwina sizinathe zonse, chifukwa sitolo ingathe kungolemba wina wa zaka 16 kapena 17 amene ndi wotsika mtengo. Mlingo wa achinyamata ungathe kungogawa ntchito pakati pa misinkhu m'malo mopanga ntchito zatsopano.

Tikaganizira zimenezi kwathu kuno, ife sitikuvomereza mlingo wapadera wotengera zaka zokha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinali anthu pafupifupi 17.6 miliyoni ndipo theka linali la ana osakwana zaka 18. M'dziko lotere, lamulo lonena kuti mwana ndi wotsika mtengo kuposa munthu wamkulu lingakhale kuuza eni maesiteti, malo odyera ndi zigayo kuti achotse makolo n'kulemba ana awo pa theka la ndalama. Banja lingataye malipiro a bambo n'kupeza a mwana, ndipo inu m'kalasi mungaone mipando ikutsala yopanda anthu nyengo ya dzinja kuposa mmene zilili lero. Ndiponso ophunzira anu omaliza Fomu 4 ambiri amakhala atakwana kale zaka 18 kapena 19, choncho mlingo wa ana ungawapweteke iwo omwe, monga zinachitikira anzawo a ku Denmark.

Palinso mfundo ina yaikulu. Kafukufuku wa boma wa anthu apantchito wa mu 2013 anapeza kuti anthu pafupifupi 89 mwa 100 alionse ogwira ntchito m'Malawi ali pa ntchito zosalembedwa m'buku lililonse. Mnyamata wa kabaza pa Nkhamenya amapereka ndalama ya tsiku kwa mwini njinga n'kutenga yotsala, mtsikana wogulitsa mandasi pa siteji amagwirira amayi ake, ndipo wotsitsa katundu pa msika amagwirizana mtengo pa thumba lililonse. Onsewa lamulo la malipiro ochepetsetsa siliwafika mwachindunji. Limawakhudza mwa njira ziwiri zotsutsana: chiwerengero cholengezedwa pa wailesi chimakhala poyambira pokambirana mtengo wa ganyu, zimene zimawathandiza, koma anthu ochotsedwa pa ntchito zolembedwa akadzaza pa siteji ya kabaza, makasitomala amagawanika ndipo aliyense amapeza zochepa. Chimene chikuwasowetsa ntchito ophunzira anu kwenikweni ndi kuchepa kwa malo olemba anthu m'boma lonse, kuvuta kwa magetsi, kukwera kwa chiwongoladzanja cha ngongole ndi kusowa kwa ndalama zakunja zogulira zipangizo, ndipo zimenezi sizingathe pochotsera mwana wa zaka 17 gawo la malipiro ake.

Pali mbali imodzi ya ganizo lanu imene tikuiona kuti ndi yabwino, ndiyo malipiro otsikirapo omangiriridwa ku maphunziro a ntchito. Mnyamata amene akuphunzira kuwotcherera zitsulo, ukalipentala, kumanga kapena kukonza njinga zamoto kwa mmisiri amalandira zinthu ziwiri, ndalama ndi luso, ndipo n'zomveka kuti ndalamayo ichepe pamene luso likuperekedwa. Koma pafunika mgwirizano wolembedwa wonena kuti aphunzira chiyani, kwa miyezi ingati, ndiponso kuti pamapeto ayesedwa mayeso n'kupatsidwa satifiketi, apo ayi dzina lakuti wophunzira limasanduka chobisalira cha bwana wofuna wantchito waulere kwa zaka zitatu. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndilo limayang'anira maphunziro oterewa, ndipo limalandira msonkho wochokera kwa olemba ntchito wothandizira zimenezi. Monga mphunzitsi, mungathandize kwambiri posonkhanitsa ophunzira a Fomu 4 asanabalalike, kuwafotokozera za makoleji a ntchito zamanja a m'madera ndi nthawi imene TEVETA imalengeza malo, ndiponso kuitana mkulu wa ofesi ya zantchito pa boma kuti adzawauze mlingo wa malipiro umene ulipo, zaka zololedwa ndi ntchito zimene mwana wosakwana 18 ayenera kukana.